Nkhoswe si Woweruza

Abale, tirikumva mau ena m'midzi mwathu amene satikondweretsa. Anthu awiri akakangana za malire a munda, kapena banja likagwedezeka, ndipo akuru ayesa kuwakhazika pansi kuti amvane, pamakhala ena akunyoza, nati, Kukhala pakati nkwa anthu amantha. Wamphamvu anene msanga wolakwa ndani, alipe, zithe. Ife tikana mau amenewa, ndipo mboni yathu ndiyo nkhani ya anansi athu a ku Mozambique, imene ambiri a inu munaiona ndi maso.

Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inayamba m'caka ca 1977. Midzi inatenthedwa, minda inasanduka matsala, ndipo anthu ofika miliyoni imodzi anathawira kuno ku Malawi. A ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza akumbukira misasa yao. Panalibe bwalo lakuti nkuitana anthu onyamula mfuti ndi kuwaweruza. Cotsala cinali cimodzi, ndico kupeza wokhala pakati.

M'caka ca 1989 nchitoyi inapatsidwa kwa atsogoleri a Kenya ndi Zimbabwe, koma sinapite patali. Asilikari a Zimbabwe anali kumenya nkhondo kumbali ya boma, cotero a Renamo sanawakhulupirire; a boma naonso anayesa Kenya bwenzi la Renamo. Taonani phunziro loyamba: nkhoswe yopendekera mbali imodzi, ingakhale iri mfumu yaikuru, nchito yace yafa isanayambe.

Amene anakhoza anali anthu opanda asilikari ndi opanda ndende: Andrea Riccardi ndi wansembe Matteo Zuppi, a gulu la Akristu la Sant'Egidio ku Roma, Mario Raffaelli, woimira boma la Italy, ndi Jaime Gonçalves, bishopu wamkuru wa ku Beira. Mu July 1990 nthumwi za mbali zonse ziwiri zinakomana m'nyumba ya gululo. Anthu anai aja poyamba anakhala monga mboni cabe, ndipo eni nkhondo ndiwo anawabvomera pambuyo pace kuti akhale ankhoswe. Ili ndi phunziro laciwiri: nkhoswe sidziika yokha, aiika ndi eni mlandu, ndipo mphamvu yace yonse ndiyo kukhulupiriridwa.

Tsono kukambirana kunatenga miyezi 27, ndipo anakomana maulendo 11, anthu akufabe m'midzi. Ambiri anadandaula kuti ankhoswe alikucedwa. Koma iwo sanayambe ndi kufunsa, Anatentha mudzi wakuti ndani? Pakuti funso limenelo likadabalalitsa msonkhano tsiku lomwelo. Anatenga nkhani imodzi imodzi. Mu December 1990 anapangana kuti asilikari a Zimbabwe akhale m'njira ziwiri zokha, ya ku Beira ndi ya ku Limpopo. Pambuyo pace anamvana za zipani, za cisankho, ndi za kuphatikiza ankhondo a mbali ziwiri akhale gulu limodzi. Pa 4 October 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anaika manja ao pa pangano la mtendere ku Roma. M'caka ca 1994 anthu anasankha atsogoleri, ndipo othawa aja anabwerera kwao. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Wina adzati, Nanga ocita zoipa aja analangidwa kodi? Sitibisa: m'caka comweco ca 1992 panaikidwa lamulo lakuwakhululukira, ndipo ambiri ofedwa sanamve konse mau a kupepesa. Mfuti zinaliranso kuyambira 2013, kufikira pangano lina linalembedwa mu 2019. Tibvomeranso kuti iripo milandu yosayenera nkhoswe. Wakupha munthu, wakugwirira mwana, wakupweteka mkazi wace, apite kwa oweruza a boma, ndipo mkuru wobisa zotere ponena kuti alikuyanjanitsa anthu ali ndi mlandu iye mwini. Koma tifunsa onyozawo: ndi woweruza uti akadaletsa nkhondo ija? Woweruza apatsa mmodzi cipambano, mnzace acoka ndi manyazi, ndipo mlandu suola. Pangano limene anthu alinena ndi pakamwa pao alisunga, cifukwa liri lao.

Milandu yambiri ya kwathu iri ya anthu amene mawa adzakomana pacitsime, pamaliro, ndi m'nyumba ya mapemphero. Mbuzi yadya cimanga, ngongole yacedwa, mkamwini wayambana ndi apongozi ace. Kodi mwini munda akapambana kubwalo, nalandira ndalama, adzamnyamula ndani tsiku lakudwala, ngati si mnansi yemweyo? Si cabe kuti Paulo anadzudzula Akorinto pa kutengerana kumabwalo, monga ngati panalibe mwa iwo wanzeru mmodzi wakuyanjanitsa abale.

Cifukwa cace tidandaulira inu ankhoswe a mabanja, akuru a mpingo ndi anyakwawa. Musalandire nkhuku ya mbali imodzi mlandu usanathe. Mverani onse awiri kufikira atatha mau ao, ndipo ngati mkwiyo ukali waukuru, muwamve payekha payekha. Zimene mwamva m'nyumba zisamveke pamowa. Yambani ndi kanthu kakang'ono kamene angathe kumvana lero. Musawalembere pangano m'mtima mwanu musanafike. Alinene okha pamaso pa mboni, ndipo mwezi ukatha mukawacezere, muone ngati alikulisunga. Inunso akukangana, musapite kwa nkhoswe kukafuna wakukuimirani, pakuti si nchito yace.

Ngati anthu amene anaphana zaka zoposa khumi anakhoza kukhala pa gome limodzi miyezi 27, kodi ife tidzalephera kukhala pamphasa tsiku limodzi cifukwa ca mizere itatu ya munda?