Mtsinje wa Ruo ndi Nyengo Zake

Mtsinje wa Ruo utsika m'phiri la Mulanje, nukathira m'Shire pa Chiromo. Pa dzinja usefukira mwaukali, ndipo tonse tiuopa, pakuti sitinaiwale namondwe Freddy wa mu March 2023. Pa chilimwe madzi achepa, miyala nioneka.

Koma pa chisanu, m'June ndi July, mtsinje uli phee, ngozi isamukira kumsewu. Mphepo ya Chiperoni idza ndi nkhungu ndi mvula yowaza, msewu nuterera. Chotero tikupemphani, inu oyendetsa galimoto: yatsani nyali ngakhale usana, chepetsani liwiro, musapitirire mnzanu pokhota. Pakuti m'nkhungumo muyenda ana athu a sukulu ndi amayi otchola tiyi, amene simungawaone patali.