Musanakumbe maziko, funsani kuti adzalowamo ndani

Mvula yatha, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo m'midzi yambiri makomiti ayamba kale kuitanitsa anthu ku chitukuko. Uku akuumba njerwa za tchalitchi, uko za sukulu, kwina za mzikiti kapena nyumba ya abusa. Ntchito yodzithandiza yotereyi ife timaiyamika. Koma tili ndi pempho kwa inu mafumu, abusa, ansembe, mashehe ndi akuluampingo: mmisiri asanayale chingwe, khalani pansi kaye mugwirizane za nyumba imene mukufunayo.

Tikutero chifukwa tchalitchi ndi sukulu masiku ano ndiko kothawira. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche ku Blantyre, ndiponso ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, anthu opulumuka anakagona m'makalasi ndi m'nyumba zopemphereramo. Akufa ndi osowa anaposa 1,000. A ku Phalombe anali atazionapo kale mu 1991, napolo atatsika m'phiri la Michesi. Tsono malo omangapo asasankhidwe chifukwa choti mwini wake wapereka ulere. Funsani agogo a m'mudzimo kumene madzi anadutsa kale, poti madzi saiwala khwawa.

Maziko akhale okwera, amiyala kapena njerwa zomangira simenti. Pamwamba pa mawindo padutse lamba wa konkire wa zitsulo mkati, amene amisiri amati bimu, kuzungulira nyumba yonse. Zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinaonetsa mmene khoma lopanda chomangirira limang'ambikira m'makona. Denga limangidwe ndi waya kukhoma, ndipo litulukire kunja kuti mvula isamenye chipupa, monga makolo ankachitira ndi khonde.

Nanga njerwa? Apa tikudziwa kuti ena satimvera bwino. Uvuni umodzi wa tchalitchi umadya mitengo yambiri, ndipo owotcha amafuna yachilengedwe, misuku ndi tsamba, chifukwa imayaka nthawi yaitali. Phiri likameteka, madzi amatsika ndi liwiro kudzagwetsa nyumba yomwe inamangidwa ndi mitengo yakeyo. Mu 2018 boma, kudzera m'bungwe la National Construction Industry Council, linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Njira ina ilipo: dothi losefa, losakaniza ndi simenti pang'ono, lopanikiza pa makina a manja, n'kuumitsa pamthunzi popanda moto. Chidikiro cha amayi oyembekezera pa chipatala cha boma ku Kasungu, chomwe chinamangidwa mu 2015, ndi cha njerwa zoterezi. Zoona, simenti ndi yodula, ndipo makinawo si a munthu mmodzi. Koma sinodi, dayosizi kapena parishi ikhoza kugula amodzi n'kumabwereketsa mipingo yake mosinthana. Njerwazi zimatuluka zowongoka, motero sizidya matope ambiri pomanga. Amene akakamirabe uvuni, komiti yawo iyambe yabzala nkhalango.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Onjezanipo nkhalamba zoyendera ndodo ndi amayi apakati. Kodi Lamulungu kapena Lachisanu anthu amenewa ali kuti? Ambiri ali kunyumba, ndipo timati ndi aulesi pa mapemphero, chonsecho pakhomo tinaikapo masitepe asanu. Ena amafika, koma amachita kunyamulidwa ngati thumba la chimanga anthu akuonerera. Munthu wamkulu, mwini mbumba, zoterezi amazipirira kawiri katatu, kenaka amaleka. Abusa amalalikira bwino za anthu aja anasasula denga kuti wodwala manjenje afike pamene panali Yesu, koma guwa limene aimapolo wa njinga ya olumala sangalifike.

Onani kuti maziko okwera amene tapempha aja ndiwo amabala masitepe. Ndiye chifukwa chake njira yotsetsereka yolowera iyenera kuganiziridwa tsiku lomwelo loyala chingwe. Muyeso wake ndi wosavuta: pa futi imodzi ya kukwera, njirayo italike mafiti 12. Zambiri zimene timaziona m'masukulu ndi zophiphiritsa chabe, zotsetsereka ngati chulu, zoti ngakhale mbuzi iyambe yaganiza. Chitseko chikhale chotambalala mafiti atatu, kapena kuti masentimita 90. Chimbudzi chimodzi chikhale pafupi, chachikulu bwino, chokhala ndi pokhalira ndi chitsulo chogwirira, pakuti mwana wokwawa ndi manja salowa m'chimbudzi chonyowa, amangosiya sukulu. Mawindo akhale aakulu kuti ovutika kuona athe kuwerenga pa bolodi, ndipo pabwalo pakhale mthunzi wa ana achialubino. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linanena kale zoti nyumba zofikamo anthu onse zikhale zoloweka, ndipo la 2024 limene linalowa m'malo mwake silinabweze mawu amenewa.

Zonsezi zikalowa m'pulani poyamba, mtengo wake ndi matumba ochepa a simenti. Kugumula khonde lomalizidwa kale ndiko kumadula. Choncho m'komiti yomanga muikemo munthu wolumala mmodzi ndi mayi wachikulire mmodzi, ndipo mmisiri asalandire ndalama yomaliza iwo asanayese okha kulowa pakhomo ndi m'chimbudzi.

Awerengi amene kwanu mwamanga kale motere, tilembereni. Tiuzeni njerwa zimene munagwiritsa ntchito, matumba a simenti amene analowa ndi kumene munapeza makina, ndipo makalata anu tidzawasindikiza pa tsamba lino.