MAKENI: MULUNGU SANAGONE

Abale a m'makomboni, tikumbukire tsiku la 19 May 1986. Ndege za boma la tsankho la South Africa zinaponya mabomba pa msasa wa anthu othawa kwao ku Makeni, kuno ku Lusaka, ndipo ena anafa. Ambiri anafunsa ngati Mulungu wagona.

Sanagone ai. Mu February 1990 Nelson Mandela anaturuka m'ndende, ndipo mwezi womwewo anaponda pa Lusaka. Mu 1994 boma lija linagwa monga Farao.

Ife amene tinasungapo mabuku a pa mgodi tidziwa kuti ngongole yolembedwa siiwalika. Mulungu nayenso ali nalo buku lace, ndipo misozi yonse yalembedwamo. Inu ozunzika lero pa nchito, limbani mtima, pempherani, gwirizanani. Woipa alamulira kanthawi, koma dziko ndi la Mulungu.