Posankha foni yotsika mtengo, yambani ndi batire

Mlungu watha mayi ena a kuno ku Mikolongwe anandifunsa kuti agule iti, Itel kapena Tecno. Ndalama zake zinali za nandolo wa chaka chonse, choncho sankafuna kulakwitsa.

Ndinawauza kuti mayina asawazunguze mutu, pakuti mafoni awiriwa amapangidwa ndi kampani imodzi, Transsion ya ku China. Chachikulu ndi zimene zalembedwa pa katoni. Batire ikhale ya 5000 mAh, poti ambirife timatchajitsa kolipira. Malo osungiramo zinthu akhale 64 GB, chifukwa 32 GB imadzaza msanga ndi mavidiyo a pa WhatsApp. Kamera ibwere pambuyo.

Mukafika ku Limbe, muiyatse m'sitolo momwemo, muikemo simukhadi yanu, muimbire munthu, ndipo musachoke opanda lisiti. Foni yangongole muiganizire kawiri: mukadumphitsa kulipira, imatsekedwa.

Kumbukirani usiku umene mwana adzatenthe thupi. Pamenepo mudzafuna foni yamoto, yoti muimbire wakabaza, kapena Chipatala Cha Pa Foni.