The Sacrament: Kanema wa Mtsogoleri Wosafunsidwa

M'kope lino tikambirana za kanema wotchedwa The Sacrament, yemwe anatuluka m'chaka cha 2013 ndipo anamupanga ndi Ti West wa ku America. Ndinene msanga kuti si kanema woonera limodzi ndi ana pamphasa madzulo.

Kanemayu anamukonza ngati kuti ndi zinthu zenizeni zomwe atolankhani anajambula okha, kamera ili m'manja, ikugwedezeka. Mnyamata wina, Patrick, walandira kalata yochokera kwa mlongo wake Caroline, yemwe kale anali kapolo wa mankhwala ozunguza bongo koma tsopano akuti anachira ndipo akukhala pamudzi wa anthu opemphera wotchedwa Eden Parish, kutali m'nkhalango. Patrick anyamuka ndi atolankhani awiri, Sam ndi Jake. Polowera akumana ndi alonda onyamula mfuti, koma mkatimo anthu akumwetulira, akulima, ali ndi kachipatala kawo. Ambiri anagulitsa nyumba zawo n'kupereka ndalama zonse ku gululo, ndipo mtsogoleri wawo onse amamutcha Father, kutanthauza Bambo.

Pomwe pali poopsa kwenikweni palibe magazi. Ndi usiku womwe Sam akucheza ndi mtsogoleriyo pamaso pa anthu onse. Gene Jones, yemwe akusewera ngati Father, ndi nkhalamba yolankhula modekha ngati agogo akusimba nthano. Funso lililonse akulikhotetsa, akukamba za umphawi ndi tsankho, zinthu zoona ndithu, anthu n'kumaomba m'manja. Kenaka mwakachetechete atchula kuti mkazi wa Sam ndi woyembekezera, nkhani yomwe Sam sanamuuze. Apa ine thupi linachita tsembwe. Kwathu kuno shehe tingathe kumufunsa mwaulemu, ndipo ngati sitinakhutire timapita kwa shehe wina. Ku Eden Parish kunalibe wina wopitako. Yemwe analimba mtima ndi kamtsikana kosalankhula komwe kanapatsira Sam kapepala kopempha thandizo.

Zimenezi sizopeka zonse. Pa 18 Novembala 1978, ku Jonestown m'dziko la Guyana, anthu oposa 900 a mpingo wa Peoples Temple anafa mtsogoleri wawo Jim Jones atalamula kuti amwe chakumwa chothira poizoni. Pafupifupi 300 mwa iwo anali ana, ndipo ana sanasankhe, anachita kumwetsedwa. Tsiku lomwelo phungu wa nyumba ya malamulo ya ku America, Leo Ryan, yemwe anabwera kudzafufuza, anawomberedwa pabwalo la ndege la Port Kaituma. Ngakhale kapepala kaja n'koona: mtolankhani wina pa ulendowo anapatsidwa kotero.

Gawo lomaliza la kanemayu landikhumudwitsa. Ti West akungotsatira za ku Jonestown phazi ndi phazi, kutionetsa imfa pamwamba pa imfa, osatifotokozera kuti mayi amafika bwanji poti n'kupereka mwana wake. Komanso ndani angapitirize kujambula anthu akugwa chonchi? Pamenepo bodza la kamera likuonekera poyera, ndipo mwina anthu a ku Jonestown anayenera ulemu woposa apa.

Akuluakulu olimba mtima angaonere gawo loyamba, makamaka kucheza kuja. Mukapeza kanemayu mufoni ya mwana wanu, musangomulanda. Mufunseni kuti Caroline analembera mlongo wake kalata ija chifukwa chiyani.