Za Khonsolo Zimveke Pabwalo

Munthu akaima m'tsinde mwa phiri la Kasungu m'nyengo ya masika, pamene zigafa zadzaza ndipo malole osenza mabelo a fodya ali ndawala kunka ku okushoni ya ku Chinkhoma, sangakayike kuti Mulungu sanalimane chuma dziko lino la Achewa. Koma munthu yemweyo akalowa m'midzi ya kwa Lukwa nafunsa chimene khonsolo yapangana chaka chino pa za mjigo umene unaleka kutulutsa madzi, kapena pa za kamlatho kamene ngolo zimakanika kuwolokapo mvula ikakula, adzaona akuluakulu a imvi angoyang'anana, pakuti palibe anawauza.

Umbuli umenewu suli wobadwa nawo. Lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, ndipo mu 2000 tinasankha makhansala. Koma nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lonse linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, kufikira chisankho cha patatu cha mu Meyi 2014. M'zaka zimenezo ana anakula nakwatira osadziwa kuti khansala ndi munthu wa ntchito yanji, ndipo ife akulu tinazolowera kutula chilichonse pakhomo pa phungu wa Nyumba ya Malamulo, kuyambira bokosi la maliro kufikira malata a sukulu. Thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, limene linayamba mu 2006, linalimbitsa chizolowezicho, ndipo kusintha kwa lamulo kwa mu 2010 kunapatsa aphungu voti m'khonsolo. Makhansala atabwerera anapeza anthu atazunguzika: wina akuti pitani kwa phungu, wina akuti kwa khansala, ndipo paja akale anati mapanga awiri avumbwitsa.

Njira yake yeniyeni ilipo, ndipo si yovuta. Zosowa za mudzi zimayambira mu komiti ya chitukuko ya VDC kwa a gulupu, zimakwera ku komiti ya ADC ya kwa mfumu yaikulu, ndipo kuchoka apo zimakafika ku khonsolo, kumene mafumu amakhala nawo koma savota. Kuno ku Kasungu makhonsolo alipo awiri, ya tauni ndi ya boma lonse, ndipo ife a kumidzi tili pansi pa yachiwiriyo. Chimene chimandiwawa n'chakuti njirayi anthu amaidziwa pokwera pokha. Madandaulo amakwera, mayina amalembedwa, zidindo zimadindidwa. Koma yankho lotsika, lonena kuti tapeza ndalama zakutizakuti, mwa izo zakuti zapita ku mlatho, zakuti zatsala, ndipo mjigo wanu udikire chaka chamawa pa chifukwa chakuti, limamveka mwa apo ndi apo, kawirikawiri monong'ona pamaliro.

Taganizani za mayi amene walawirira tsiku la msika ndi dengu la tomato pamutu, mwana ali kumsana. Asanagulitse mulu ndi umodzi womwe, wodula ziphaso wafika, ndipo mayiyo amasula mfundo ya pansonga ya chitenje, napereka ndalama imene anasungira mchere, nalandira kapepala kamene akapinda bwinobwino n'kukabisa pansi pa thumba loyalapo malonda. Iyeyu wakwaniritsa mbali yake popanda kunyinyirika. Kodi si choyenera kuti amene walandira ndalamayo abwerenso kudzanena chimene yagula, monga kapitawo wokhulupirika amawerengera chuma pamaso pa mwini wake? Lonjezo la pamsonkhano wa ndale silikwanira. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Sindikupempha chachilendo kwa Achewa. Makolo athu sankazenga mlandu m'chipinda chotseka; ankakhala pabwalo, mkamwini ndi mwini mbumba, wolemera ndi wosauka, aliyense namva ndi makutu ake. Boma nalonso linavomereza mfundo yomweyi pamene lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Koma pepala lachingerezi lomatidwa pakhoma la ofesi ku boma silithandiza gogo amene alibe ndalama ya kabaza.

Choncho pempho langa kwa olemekezeka makhansala athu ndi kwa Gogo Chalo Lukwa ndi ili: popeza chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, papezeke tsiku m'miyezi yotsatira, misika ya fodya ili mkati ndipo misewu ili youma, limene khansala adzaime pabwalo la gulupu aliyense nawerenge m'Chichewa ndalama zimene zinalowa, zimene zinatuluka, ndi ntchito imene yatsala, ndipo mayi wa tomato akhale ndi danga lofunsa mpaka atamvetsa.