Mwana Wotsekeredwa Sadziwa Dziko Lake

Pali kaleredwe kachilendo kamene kamera mizu m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo tsopano kakuyanga kulowera kumaboma. Mwana amadzuka m'bandakucha, kukwera minibasi, kukhala padesiki mpaka dzuwa kupendeka, kuchoka apo n'kukalowanso m'kalasi ina ya maphunziro apadera olipira. Akafika kwawo chipata cha mpanda wanjerwa chimatsekedwa, iye maso dwii pa kanema kapena pafoni. Makolo amati kumeneku ndi kulera. Kunena mosapsatira, kumeneku ndi kuweta, monga mmene amawetera nkhuku zachizungu zimene zimakula osapalasako pansi.

Zipatso zake zikuoneka kale. Wophunzira amaloweza pamtima mmene tsamba limapangira chakudya, koma sangasiyanitse mbawa ndi mlombwa. Masuku amawadziwira m'dengu la pamsika. Nthudza, matowo ndi mateme sanazilaweko n'komwe. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti chilankhulo nachonso chikumupulumuka. Miyambi ya Chichewa inabadwira kutchire ndi kudambo. Nanga mwana amene sanaonepo tsokonombwe angamve bwanji zoti anatha mtunda n'kudumpha? Angamve bwanji zoti timba sachepa ndi mazira ake, pamene timbayo sakumudziwa kukula kwake? Amangoloweza tanthauzo kuti akakhoze mayeso, mayeso akatha mwambi uja waiwalika.

Thupi nalo likulangika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Ku Taiwan, ana ochuluka atayamba kulephera kuona patali, boma linalimbikitsa sukulu mu 2010 kuti ana azikhala panja mphindi 120 patsiku, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumathandiza diso kukula bwino. Vutolo linayamba kuchepa. Dzuwa lomwelo kuno n'laulere, koma likuwalira ana amene atsekeredwa m'nyumba.

Ena amati kunja n'koopsa: kuli njoka, ng'ona, likodzo ndi anthu oipa mtima. Zimenezi n'zoona, ndipo kholo lodera nkhawa silingadzudzulidwe. Koma mantha amenewa akufuna kuti munthu wamkulu aperekeze mwana, osati kuti amukhomere chitseko. Mwana amene anaonetsedwa chitedze saima pansi pake, ndipo amene anaphunzitsidwa kuti madzi odikha okhala ndi nkhono ndiwo amafalitsa likodzo amasankha posamba. Wotsekeredwa uja, tsiku limene adzatuluke yekha, ndiye adzaponda pamene anzake amalambalala. Enanso amati ana akumudzi amakhala panja tsiku lonse, choncho nkhaniyi ndi ya anthu olemera okha. Komatu ambiri mwa anawo amapita kuphiri ndi nkhwangwa, n'kubwerako atasenza nkhuni kapena thumba la makala. Ngakhale kale lomwe si zonse zinali zabwino: malegeni ndi ulimbo zinapha mbalame zosawerengeka, ndipo moto wosakira mbewa unapsereza matchire. Kukhala panja kopanda mlangizi kumangophunzitsa mwana kuti tchire ndi nkhokwe yopanda mwini.

Apa ndiye pagona nkhani. Phiri la Ndirande linametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, anthu akuonerera. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo cha kummwera munafa anthu mazanamazana. Mvulayo inali yoopsa ndithu, koma mapiri opanda mitengo ndi nyumba zomangidwa m'matsitso mwake zinakulitsa tsokalo. Amene adzagawe malo, kusaina zilolezo ndi kuweruza milandu ya nkhalango mawa ndi ana omwewa amene lero akudziwa mtengo pachithunzi chokha. Kodi munthu wotere adzamva kuwawa mumtima akadzauzidwa kuti mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lino, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo?

Kopita sikukusowa. Blantyre ali ndi phiri la Michiru, Zomba ali ndi phiri lake, Lilongwe ali ndi nkhalango yotetezedwa m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi pakati penipeni pa mzinda. Ku Cape Maclear kuli paki ya Nyanja ya Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980, komwe alendo amalipira ndalama zambiri kudzaona nsomba za mbuna zimene ana a dziko lino sanazionepo. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likuthandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Ngakhale dambo la kuseri kwa sukulu likukwanira, ndipo silifuna basi.

Chimene chikusowa ndi nthawi, ndipo akuluakulu ndiwo aibisa. Mayeso akayandikira, nthawi ya masewera ndiyo imayamba kufafanizidwa. Nyengo yodzala mitengo ikafika, ana amaimikidwa pamzere, aliyense kambande m'manja, kudikira mlendo wolemekezeka. Mlendo akadzala wake n'kujambulidwa, ana amabwezedwa m'kalasi, ndipo palibe amawatuma kukaonanso mbandezo. Pofika Okutobala mbuzi ndi chiswe zimakhala zitagawana zonse.